NJINGA YOIMA YOKHA NDI NCHITO YA KUONETSA ALENDO MALO

 Nkhani ya lero ndi ya kanjinga kacilendo ka ku maiko akutali, ndiponso ya nchito imene kanjingako kanathandiza, ndiyo ya kuonetsa alendo malo. Nchito imeneyi iri ndi phunziro kwa munthu ali yense amene alingalira za cimene adzacita akadzabwerera kumudzi.

Kuyambira m'zaka zoyamba za m'ma 2000, anthu a m'mizinda yambiri ya m'mphepete mwa nyanja anayamba kuona cinthu codabwitsa. Alendo asanu kapena khumi anali kudza mondondozana ngati anthu opita kumunda pa kanjira kakang'ono, onse atabvala zisoti, onse ali ciriri, koma popanda ndi mmodzi yemwe woponya phazi. Ali yense anali ataima pa kathabwa kokhala pakati pa magudumu awiri, manja ali pa cogwirira, nayenda mwakacetecete, wopanda utsi kapena phokoso. Patsogolo pao panali munthu mmodzi wodziwa mzindawo, amene anali kuwaimitsa apa ndi apo, naloza ndi dzanja, nawafotokozera mbiri ya zimene anali kuona. Kanjinga kameneko dzina lace ndi Segway.

MAONEKEDWE ACE NDI MAYENDEDWE ACE

Njinga yodziwika kwa onse iri ndi gudumu limodzi kutsogolo ndi lina kumbuyo, ndipo ikaima imagwa ngati palibe coitsamira. Koma Segway magudumu ace ali m'mbali, lina ku dzanja lamanja, lina ku lamanzere, monga a ngolo. Iribe pokhala, iribe zochovera, iribe unyolo, ndipo iribe ngakhale mabuleki ogwira ndi dzanja. Kulemera kwace kuli pafupi makilogramu 48, ndipo liwiro lace lomalizira ndi makilomita 20 pa ora limodzi. Imayenda ndi mphamvu ya mabatire, amene amadzazidwa ku magetsi monga zimacitira nyali za pa zisoti za amuna a pansi pa mgodi akaweruka. Ikadzazidwa bwino ikhoza kuyenda mpaka makilomita 38 pa njira yosalala. Gudumu liri lonse liri ndi injini yaceyace ya magetsi, yokulungidwa m'kati ndi waya wa mkuwa, cuma ca mtundu womwewo umene amuna a ku Nchanga ndi a ku Mufulira amakumba.

Ambiri amafunsa kuti, Nanga cimene cimailetsa kugwa nciani? Yankho lace lioneka pa mai wocokera ku citsime atasenza mtsuko wodzala madzi osaugwira. Mtsukowo sukhala pamutu cifukwa ca kuuma khosi ai. Umakhala cifukwa mai uja amamva msanga pamene mtsuko wayamba kupendekeka, ndipo khosi, msana ndi miyendo zimasuntha pang'ono kuti thupi likhalenso pansi peni-peni pa katunduyo. Amacita zimenezi kosaleka, osaziganizira nkomwe. Mwana woimika bango pa cikhato amacita cimodzi-modzi: bango likayamba kugwera kutsogolo, iye amathamangitsa dzanja kutsogolo komweko.

M'kati mwa kathabwa ka Segway muli tizipangizo 5 tozindikira kupendekeka, timene Azungu amaticha gyroscope, pamodzi ndi makompyuta ang'ono-ang'ono amene amafunsa tizipangizoto nthawi ngati 100 pa sekondi imodzi. Wokwera akaweramira kutsogolo pang'ono, makinawo amazindikira kuti munthu ali pafupi kugwa cafufumimba, ndipo amayendetsa magudumu kutsogolo kuti amtsatire. Akapitiriza kuwerama, magudumu nao amapitiriza kumthamangira, ndipo kumeneko ndiko kuyenda kwace. Akadzikokera kumbuyo, njinga imacepetsa liwiro niima. Akapitirira, imabwerera cambuyo. Pofuna kukhota amapendeketsa cogwirira ku mbali imene afuna kupita. Cotero ngakhale munthu amene sanakwerepo njinga cibadwire akhoza kuphunzira m'mphindi zocepa.

MWINI NZERU NDI CIYEMBEKEZO CACE

Amene anapanga njinga imeneyi ndi Dean Kamen wa ku America. Poyamba iye ndi anzace anali kukonza mpando wa magudumu wa anthu opuwala, wochedwa iBOT, wokhoza kukwera makwerero ndi kuimirira pa magudumu awiri kuti wokhalapo alankhule ndi anzace maso ndi maso. Ataona kuti makina akhoza kusunga munthu wosagwa, anaganiza zopangira anthu onse cinthu cotere. Anaionetsa poyera pa 3 December 2001, ndipo mbiri yace inamveka pa dziko lonse lapansi. Kamen anakhulupirira kuti monga galimoto linacotsa akavalo m'miseu, momwemonso Segway idzacotsa magalimoto pakati pa mizinda. Fakitale inamangidwa ku Bedford, m'cigawo ca New Hampshire, ndipo kunanenedwa kuti adzagulitsa njinga 10,000 sabata iri yonse.

Koma akulu anati, kuthamanga sikufika. Mtengo wace unali pafupi madola 5,000, ndalama zokwanira kugula galimoto logwirapo kale nchito ku America komweko. Inali yolemera kuinyamula pokwera nayo m'nyumba zosanja. M'mizinda ina akulu a boma anasowa poiika, pakuti pa mseu wa magalimoto inali yocedwa, ndipo pa njira ya oyenda pansi inali yothamanga. Anthu ambiri anaona kuti ulendo waufupi miyendo ikwanira, ndipo wautali basi iripo. Pofika caka ca 2006 zonse zimene zinagulidwa zinali pafupi 23,500 cabe.

Ngozi nazonso zinaipitsa dzina lace. Mu 2003 kampani inaitanitsa njinga ngati 6,000 kuti zikonzedwe, cifukwa batire ikatsala pang'ono kutha zina zinali kugwetsa okwera. Caka comweco Pulezidenti George W. Bush anajambulidwa alikudzandira pa imodzi. Mu 2015, ku Beijing, wojambula zithunzi wokwera Segway anagunda ndi kugwetsa Usain Bolt, katswiri wa liwiro wa ku Jamaica, atangopambana mpikisano wa mamita 200.

Nkhani yomvetsa cisoni koposa ikhudza munthu wa ku migodi. Jimi Heselden wa ku Leeds, m'dziko la England, anali wokumba malasha. Nchito itamthera pambuyo pa sitalaka yaikulu ya 1984 ndi 1985, anatenga ndalama zace zosiyira nchito nayamba kampani yaing'ono. Anatulukira madengu akulu a waya odzazamo dothi, ochingira madzi osefukira ndi misasa ya asilikali, nalemera kwambiri, nathandiza osauka a kwao ndi cuma cace. Kumapeto kwa 2009 anagula kampani ya Segway. Pa 26 September 2010, alikuyenda pa njinga yace pafupi ndi nyumba yace, anagwa pa phompho nagwera mu mtsinje wa Wharfe, namwalira ali ndi zaka 62. Bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti makina analibe cirema, ndi kuti cioneka kuti anabwerera cambuyo pofuna kupatsa njira munthu wina woyenda ndi galu.

Mu 2015 kampaniyo inagulidwa ndi Ninebot ya ku China, ndipo mu July 2020 analeka kupanga njinga za mtundu umenewu. Zonse pamodzi zinagulidwa ngati 140,000 m'zaka pafupi 20, ndiko kunena ciwerengero cimene cinayembekezedwa kugulidwa m'masabata 14.

KUMENE INAPEZA NCHITO

Ngakhale anthu wamba anaikana, magulu awiri anailandira. Loyamba ndi la apolisi ndi alonda a m'mabwalo a ndege ndi a m'masitolo akulu, amene tsiku lonse amazungulira pa malo amodzi. Laciwiri, limene liri mwini nkhani ino, ndi la oonetsa alendo malo. Cifukwa cace ndi ici. Munthu wodzaona mzinda ali ndi masiku owerengeka, pakuti mlendo ndi mame. Akayenda pansi amatopa asanaone theka. Akakwera basi amaona zinthu kupyolera pa galasi, ndipo sangaime pamene mtima wace wafuna. Segway inamfikitsa kutali wosatopa, ali panja pa mphepo, wokhoza kuima pali ponse. Mizinda ya m'mbali mwa madzi inaikonda koposa, popeza ku gombe nthaka ndi yacidikha, ndipo kawiri-kawiri kumakhala mseu wautali wosalala wa oyenda pansi okha. Motero maulendo otere anayamba ku San Francisco, ku Chicago, ku Barcelona, ku Lisbon ndi kwina kwambiri.

Citsanzo ca pafupi ndi Zambia ndi Durban, ku South Africa, mzinda wa doko lalikulu umene Azulu amaucha eThekwini, kumene anthu ambiri a ku Malawi ndi a ku Mozambique apita kukafuna nchito. Pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, anamanga kumeneko bwalo la Moses Mabhida, lokhala ndi uta waukulu wacitsulo wodutsa pamwamba pace, msinkhu wace mamita oposa 100, nakonzanso mseu wa m'mbali mwa gombe. M'zaka zotsatira, maulendo a Segway anali kuyambira pa bwalo limeneli. Alendo anali kuyamba aphunzitsidwa pa malo opanda zopinga kukwera, kuima, kukhota ndi kutsika. Kenaka, atabvala zisoti, anali kutsata mtsogoleri wao kunka kum'mwera, nyanja yamcere iri ku dzanja lamanzere, mahotela ali ku lamanja, kufikira ku uShaka Marine World, malo oonetsako nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja, amene anatsegulidwa mu 2004. Mseuwo unatalikitsidwa mu 2019 kufikira pa khomo la doko, ndipo utali wace wonse ndi makilomita ngati 8.

Tsono apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Mlendo woyenda yekha pa mseu umenewo amaona mcenga, mafunde ndi nyumba zitali-zitali, zinthu zimene ziri m'mizinda ina yambiri. Koma woyenda ndi mtsogoleri wodziwa akhoza kumva zimene maso sangamuuze. Akhoza kumva kuti Vasco da Gama anadutsa pa gombe limenelo m'masiku a Khrisimasi a 1497, ndipo dziko linachedwa Natal, pakuti ndilo dzina la Khrisimasi m'Cipwitikizi. Akhoza kumva kuti mzindawo unapatsidwa dzina la Bwanamkubwa Benjamin D'Urban mu 1835, caka comwe Angoni a Zwangendaba, amene anacokera kumpoto kwa dziko lomwelo, anaoloka Zambezi dzuwa litadetsedwa. Mu 1860 sitima yochedwa Truro inatsitsa pa doko limenelo Amwenye oyamba odzalima nzimbe, ndipo mu 1873 sitima ya nkhondo ya Angerezi inatsitsa akapolo oomboledwa pa nyanja, ambiri a iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique, amene zidzukulu zao ziripo kufikira lero. Moses Mabhida, mwini dzina la bwalo, anali mtsogoleri wa mabungwe a anchito amene anathawa boma la tsankho namwalira ku Maputo mu 1986. Ndipo pa mcenga womwewo, kufikira 1989, panali zikwangwani zoletsa munthu wakuda kusamba pa magombe ena.

Makina sanganene ngakhale cimodzi ca zimenezi. Ndalama za mlendo zimagula ora limodzi kapena awiri a kukwera, koma cimene amapita naco kwao ndi mau a mtsogoleri.

AMENE ANANYAMULA ALENDO KALE

Pa gombe lomwelo la Durban pali cikumbutso ca masiku akale. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1890 mwini minda ya nzimbe, Marshall Campbell, anabweretsa magareta okokedwa ndi munthu. Posacedwa anaculuka napitirira 2,000, ndipo amuna Acizulu ndi Acimpondo anali kuthamanga nao m'miseu opanda nsapato, dzuwa liri pamutu. Pofuna kukopa okwera anayamba kubvala nyanga za ng'ombe, nthenga ndi mikanda. Magalimoto ataculuka nchitoyo inazilala, ndipo okoka gareta amene anatsala ndi owerengeka, odalira alendo ofuna kujambulitsa.

Akulu a ku Chadiza sadzadabwa nayo nkhani imeneyi, pakuti makolo ao anadziwa macila. M'masiku oyamba amene Chipata inali kuchedwa Fort Jameson, Mzungu wa boma poyendera midzi anali kugona m'nsalu yomangidwa ku mtengo wautali, amuna atausenza pa mapewa, ena alikuthamanga pambali kudikira kulandira, ndipo pambuyo pali amtengatenga ndi mahema ndi mabokosi. Amuna amenewo anadziwa dzina la phiri liri lonse, pooloka mitsinje, mitengo ya mankhwala, ndi mabwinja a midzi imene inapasuka pa nkhondo. Koma sanalembedwe nchito cifukwa ca zimene anadziwa. Cofunika pa iwo cinali mapewa ndi miyendo, ndipo mabuku a maulendo amene analembedwa pambuyo pace kawiri-kawiri sachula maina ao.

Cotero pa ulendo wa Segway pali cinthu cimodzi cimene catembenuka. Nchito ya kunyamula yapita kwa makina, ndipo mwini dziko wacoka pansi pa mtengo wa macila nakaima patsogolo. Iye ndiye wolankhula, alendo ndiwo omvera, ndipo malipiro ace atsata nzeru zace.

Komabe si eni mizinda onse amene anakondwa. Ku Prague, likulu la dziko la Czech, akulu a mzinda analetsa Segway pakati pa mzinda wakale mu 2016, cifukwa anthu okhala kumeneko anadandaula kuti magulu a alendo anali kuwapanikiza m'tinjira topapatiza. Nchito ya alendo ikayamba kusautsa eni mudzi, eni mudzi ali ndi mphamvu ya kuitseka. Mau amenewa ayenera kukumbukika pa zimene zirikudza.

UMBONI WA KU LUANGWA

Kodi zonsezi zikhudza bwanji Cigawo ca Kum'mawa, kumene kulibe nyanja yamcere? Umboni uli ku cigwa ca Luangwa. Mu 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule dziko lina la nyama, alendo azidza kudzaziona osazipha, ndipo ndalama zolowera zizipita kwa eni dziko. Pambuyo pace Carr anachukitsa maulendo oyenda pansi m'chire. Lero alendo amacokera ku Europe ndi ku America pa ndege, nalipira ndalama zambiri, kuti akayende ndi miyendo yao mondondozana pambuyo pa mlonda wa mfuti ndi mtsogoleri. Pa ulendo umenewo palibe gudumu kapena batire. Cimene amalipirira ndi munthu wodziwa kuwerenga mapazi a nyalugwe pa mcenga, kusiyanitsa kulira kwa mbalame, ndi kuzindikira kumene mphepo icokera pofika pafupi ndi njobvu. Atsogoleri amenewa amalemba mayeso obvuta asanaloledwe kutenga alendo, ndipo nchito yao ndi yolemekezeka. Alendo ao amaphunzira okha kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa gombe la Durban alendo anayenda pa makina a madola 5,000, ndipo ku Luangwa amayenda pansi, koma pawiri ponse mzati wa nchito ndi umodzi, ndiye munthu wa patsogolo uja.

NANGA KU CHADIZA?

Chadiza iri kum'mwera kwa Chipata ndi kum'mawa kwa Katete, m'malire ndi Mozambique. Ndi dziko la Acewa, la mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Kulibe gombe, kulibe mseu wosalala wa oyenda pansi, ndipo midzi yambiri iribe magetsi. Munthu amene angatenge penshoni yace kukagula njinga za Segway zakale kuti akayendetse kumeneko adzakhala ataponya ndalama m'madzi. Fakitale inaleka kuzipanga, zitsulo zace zidzanka zisowa, ndipo wokonza njinga wa pa msika alibe zipangizo zocizira kompyuta yace.

Koma njinga ya kapalasa iripo kale. Anthu a Kum'mawa ndi eni njinga. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo kufikira lero anyamata amanyamula anthu ndi katundu pa njinga, nchito imene a ku Malawi amaicha kabaza. Njinga yotere siifuna magetsi, imapita pa kanjira ka kudimba, ndipo ikaonongeka imakonzedwa pansi pa mtengo wa mango.

Alendo naonso sali kutali. Caka ciri conse kumapeto kwa August makamu amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamene mafumu a Acewa a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadza kudzapereka ulemu kwa Gawa Undi. Mu February kuli Nc'wala ya Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni. Gule Wamkulu anachulidwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi cuma ca anthu a pa dziko lonse. Ambiri a odza ku miyambo imeneyi amaona tsiku limodzi kapena awiri, nabwerera osaponda m'mudzi weni-weni. Palinso alendo ena amene anthu amawaiwala, ndiwo ana ndi adzukulu a anthu a ku Chadiza obadwira ku Kitwe, ku Luanshya, ku Kabwe ndi ku Lusaka. Ambiri a iwo amafika kumudzi pa maliro pokha, sadziwa ciyambi ca mfunda wao, ndipo sangaloze pamene panali mudzi wa agogo ao.

Mtsogoleri wa ku Chadiza, ndi njinga zisanu zolimba, akhoza kuwaonetsa zambiri m'mawa umodzi: mapiri ndi malo a malinga kumene Acewa anabisala m'masiku a nkhondo, mamangidwe a nkhokwe, maumbidwe a mbiya, nchito ya wosula, madimba a m'dambo, ndi makhalidwe a mudzi umene ana amawerengedwa ku mbali ya mai. Koma pali zinthu zinai zimene ayenera kukhala nazo asanalandire ngwee ndi imodzi yomwe.

Coyamba ndi kudziwa zoona. Ayenera kukhala pansi ndi nkhalamba, kufunsa, kufunsanso kwa wina, ndi kulemba m'buku. Mtsogoleri wopeka nkhani pofuna kukondweretsa mlendo amanamiza dziko lonse za kwao, ndipo bodza lace likalembedwa limakhala zaka zambiri.

Caciwiri ndi cilolezo ca mfumu ndi ca nyakwawa, pamodzi ndi pangano lomveka la gawo la ndalama limene lidzatsala m'mudzi. Cimeneci ndico cinali maziko a pangano la kwa Nsefu. Mai woumba mbiya akataya m'mawa wonse kuonetsa alendo luso lace nabwerera cimanja-manja, ulendo wina adzatseka citseko, monga anacitira a ku Prague.

Cacitatu ndi kudziwa malire. Kuli malo amene mlendo sayenera kufikako, monga ku dambwe, ku manda ndi ku tsimba la anamwali, ndipo kuli mau amene sanenedwa kwa wosameta ngakhale atapereka ndalama zingati. Gule amaonedwa pa bwalo, pamene eni ace alola. Munthu sajambulidwa asanapemphedwe. Mtsogoleri wogulitsa zinsinsi za kwao amadya tsiku limodzi, koma amaononga cinthu comwe cinaitana alendowo.

Cacinai ndi kusamala moyo wa mlendo. Amuna a ku migodi adziwa kuti munthu satsika pansi asanayese nyali ndi cisoti. Ku Durban mlendo sanali kutuluka asanaphunzire kuima ndi kutsika. Momwemonso mtsogoleri wa njinga aone mabuleki ndi mphweya usiku, anyamule madzi abwino akumwa, ayese mphamvu za alendo ace pa bwalo asananyamuke, anene mtengo poyamba osausintha m'njira, ndipo asunge nthawi.

Kunena zoona, nchito imeneyi siilemeretsa munthu msanga. Alendo amadza nyengo yacilimwe, ndipo mvula ikayamba njira zambiri zimabvuta. Mnyamata asatayirepo khasu, ndipo wa pa nchito asalembe kalata yosiya cifukwa ca nkhani ino. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Ndi nchito yoyamba pang'ono-pang'ono pambali pa munda wa cimanga ndi wa nshawa, ndipo cuma coyambira siciri cambiri, pakuti cuma ceni-ceni ca nchitoyi ciri m'mitu ya nkhalamba.

Ndipo pamenepa ndi pamene pali cangu. Fakitale ya Segway italeka, nchito ya kuonetsa alendo siinafe. Atsogoleri a m'mizinda ija ena asamala makina akale, ena atenga njinga za magetsi, ena mabwato, ena miyendo yao, popeza zimene adziwa zikali nao. Koma nkhalamba ya ku Chadiza ikamwalira isananene dzina lakale la phiri ndi cifukwa cace, palibe fakitale imene ingapange linzace. Mau a akulu akoma akagonera, koma akagonera mopitirira mwini wace amapita nao kumanda.

Cotero munthu wa ku migodi kapena wa m'tauni amene alikupita kumudzi pa chuthi, pamodzi ndi sopo, shuga ndi nsalu, aike m'cikwama buku ndi colembera. Akakhale pa khonde la atsibweni ace madzulo awiri kapena atatu, akafunse kumene mudzi unacokera, amene anauyamba, ndi njira imene anadzera. Akatenge mwana wace mmodzi wobadwira ku komboni kuti akamve yekha. Ngati alendo a kutali adzafika tsiku lina, mudzi udzakhala ndi wowatsogolera. Ngati sadzafika, mwanayo adzakhala atadziwa kwao.